Njinga ya Amalume Inkasunga Sabata

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti njinga ya amalume anga inkasunga Sabata. Sekani, palibe kanthu. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, ndipo muona posachedwa amene anandichotsa pamphika ndisanalawe.

Amalumewo anali a Nikoloma, mesenjala wa pa esiteti ya tiyi imene ndinakulira kuno ku Thyolo. Ntchito yawo inali yonyamula makalata ku ofesi yaikulu kukapereka kwa akapitawo, mpaka kumunda womalizira kumtunda, pamene tiyi amathera ndipo nkhalango ya m'phiri imayambira. Ankayenda pa njinga yakuda, yolemera ngati mwana wa ng'ombe, ya belu lomveka mpaka kutsidya kwa khwawa. Lachisanu lililonse dzuwa likamapendeka njinga ija inkasowa pakhomo, n'kudzaonekanso Lolemba m'mawa. Ife tinali a Sabata, ndiye nditafunsa anandiyankha mosaphethira.

"Yapita kukasunga Sabata, mphwanga. Njinga ya Mkhristu siyenda tsiku lopatulika."

"Nanga Lamlungu?"

"Imakhala ikuwongola msana."

Ndinameza zonsezo osatafuna.

Kwathu kuno mukudziwa, katundu wa mwamuna wolowa wake ndi mwana wa mlongo wake. Ine ndinali mwana woyamba wa mlongo wawo, bambo anga anali atapita kumigodi osabwerako, ndipo tinkakhala ndi amalumewo m'nyumba ya pa laini ya antchito. Tsiku lina anagwira dzanja langa n'kuliika pa chishalo.

"Iyi ndi yako. Ine ndikungokusungira. Koma njinga sapatsa munthu wosadziwa msewu. Uyambe wadziwa misewu yonse ndi mapazi."

Kudziwa ndi mapaziko kunali motere: pachikweza ine ndinkakankha njinga pamodzi ndi thumba la makalata, iwo akubwera pambuyo manja ali kumsana, akung'ung'udza nyimbo za m'tchalitchi. Tikafika pamwamba ankakwera, n'kutsetsereka malaya akuuluka, ine ndikuthamanga pambuyo kuti ndikawapeze m'tsinde mwa chitunda china. Amene anayendako ku Thyolo akudziwa kuti kuno dziko silinagone, linakhala chonjuta. Chitunda chikatha, chinzake chimakhala chikukuyembekeza.

Poyamba ndinkapita masiku a holide okha. Kenako anati Lachiwiri ndi Lachinayi ndizijomba, poti masiku amenewo makalata ankachuluka. Chaka chisanathe sileti yanga inali itasanduka chivundikiro cha mtsuko. Amayi sanaletse. Anangoti, "Amalume ako ndiwo mwini mbumba, uziwamvera."

Koma misewu ija, abale anga, ndisakunamizeni, inali yokoma. Ya dothi lofiira, yopapatiza, yokhotakhota pakati pa tiyi wometedwa mofanana ngati mitu ya ana a sukulu. Galimoto inali imodzi yokha, lole yonyamula masamba, ndipo unkaimva ikubuula idakali kutali. Kupatula apo kunali zii. Unkamva tcheni cha njinga, mpweya wako womwe, ndi amayi othyola tiyi akuseka kutsidya osawaona. M'mawa wa chiperoni nkhungu inkatsika m'phiri n'kumeza msewu, fungo la tiyi wowamba kufakitale n'kumakutsata ngati galu. Unalipo msewu wina wodutsa m'mphepete mwenimweni mwa nkhalango, wozizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala, pamene apusi ankatigenda ndi makoko a zipatso. Unalipo wa pa mlatho wa matabwa atatu, ndi mtsetse wautali umene anthu ankautcha Gwetsankhalamba. Yonseyo ndinkati ndi yanga, poti ndinkaiyenda ngati mlimi woyendera munda umene adzalowe.

Zaka ziwiri ndinakankha. Madzulo ndinkakwecha masipoko ndi phulusa, ndikupukuta malo alionse, ngakhale kunsi kwa mapedulo kumene kunali zilembo zodindidwa pachitsulo. Ndinkati limenelo ndi dzina la amalume, ndipo ndinkaganiza za mmene adzalifufutire n'kulemba langa. Pa chishalo ndinakhalapo kamodzi kokha, njinga itatsamira khoma.

Sabata lina ndinanamizira m'mimba, anthu onse atapita kutchalitchi ine n'kuzembera kumtunda kukaba mapeyala m'munda wa kapitawo. Ndili m'mtengo, ndinamva belu. Belu limenelo ndikanalizindikira ngakhale pakati pa mabelu zana. Nditasuzumira ndinaona njinga yanga ikutsika Gwetsankhalamba tsiku lopatulika, atakwerapo a Fabiano, Mkatolika wina amene ankasesa ku ofesi.

Sindinaganize kawiri. Ndinalumpha, ndinaima pakati pa msewu, ndipo pamene ankati andizembe ndinakakamira mahandulo. Tonse awiri tinakagwera m'tiyi, makalata n'kumwazika m'matope. Ine ndinali ndikukuwa kuti wakuba, wakuba, mpaka amayi othyola tiyi anasiya madengu awo.

A Fabiano anadzuka, anadzisasa fumbi, anandigwira khutu. "Iwe ndiwe kakankha wa a Nikoloma uja? Tiye."

Anandikoka choncho mpaka kusitolo ya kampani, kumene ankasungira makasu ndi zikwakwa. Kalaliki wa pamenepo atamva nkhani yanga anaseka mpaka anakhala pa thumba la feteleza. Atapuma anagadabuza njinga ija n'kuloza zilembo zimene ndinazipukuta zaka ziwiri.

"Werenga apa."

Ndinayendetsa chala pa zilembozo.

"Sudziwa? Ili ndi dzina la kampani, iyi ndi nambala. Amalume ako amaibweza muno Lachisanu, poti Loweruka sagwira ntchito. Loweruka amaitenga Fabiano. Lamlungu imagona apo, pambali pa makasu." Anatembenukira a Fabiano. "Kodi mwanayu palibe anamuuza?"

"Amuuze ndani? Laini yonse imadikira tsiku lake."

Mawu amenewo ndiwo anandilasa kuposa khutu. Laini yonse.

Amalume anabwera kuchokera kutchalitchi ali m'malaya oyera, Baibulo lili m'khwapa. Anamva zonse ali chilili, anapepesa kalaliki, ananditengera kunyumba. Dzuwa litalowa, Sabata itatha, anathyola kamtengo ka pichesi n'kundikwapula chifukwa choswa Sabata ndi kuba mapeyala. Za njinga sanatchuleko. Ndinachita kuwafunsa ndekha, mamina ali chuchuchu.

"Amalume, munati ndi yanga."

"Misewu waidziwa kapena sunaidziwe?"

"Ndaidziwa."

"Ndiye ukulira chiyani?"

Ndinathawira kwa amayi kuseri kwa nyumba, kumene ankasenda nandolo. Ndinkati iwo akamva akwiya, akawazazira achimwene awo m'Chilomwe monga ankachitira mtima ukawapsa. Sanakweze n'komwe maso.

"Mawondo a amalume ako anatha kalekale. Azungu akanaona kuti akulephera zitunda akanawachotsa, ndipo nyumba ino ndi ya ntchito yawo. Tikanakagona kuti?"

"Ndiye inu munkadziwa?"

"Tenga lichero ilo, undithandize."

Lolemba ndinakana kukankha. Ndinatenga sileti pamtsuko paja n'kupita kusukulu ya mishoni, koma aphunzitsi anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti anzanga anapita patsogolo, ndipo pa benchi ya tiana sindingakwanepo. Ndinakhala masiku anayi, mawondo akugunda desiki, tiana tikunditcha Kakankha. Lachisanu ndinakalembetsa yothyola tiyi. Amalume anapeza mphwawo wina, mwana wa mayi anga aang'ono, ndipo sindinamuuze kanthu. Ichi ndachibisa zaka zambiri. Ndinamuonera akukwecha masipoko ndi phulusa, ine n'kumaseka nawo limodzi ndi laini yonse.

Njinga sindinaiphunzirenso. Ndathyola tiyi, ndakhala mlonda, ndapuma ntchito, zipani zabwera zambirimbiri, sukulu yasanduka yaulere ine mano atatha, adzukulu anga akupalasa kabaza ku Goliati, koma mwendo wanga sunadumphepo chishalo.

Chimene chandikumbutsa zonsezi n'chakuti mwezi wathawu kunabwera alendo ochokera ku Blantyre, njinga zawo za magiya atazimangirira padenga la galimoto. Anavala timakabudula tothina tochititsa manyazi ndi zipewa zonga chigoba cha kamba. Ankafuna misewu yopanda magalimoto, yoyandikira nkhalango, poti ya tala inadzaza maminibasi. Ku ofesi anawauza kuti, pitani kwa nkhalamba Yotamu, ndiye amaidziwa. Yotamuyo ndine. Ndinatenga kamtengo n'kuwajambulira pansi: apa mukhotere kumanzere pa mabulugama, apa mutsike mukankhe poti mlatho unawola, apa mugwire mabuleki msanga poti Gwetsankhalamba sasankha zaka. Anakopera m'kabuku. Madzulo anabwerera ali thope lokhalokha, akusangalala ngati ana, akuti misewu yokongola chotere sanaionepo.

Mmodzi anandifunsa kuti, "Agogo, mwapalasa zaka zingati misewu imeneyi?"

"Sindinakwerepo njinga, mwanawe."

Anaseka, anati agogowa ndi anthabwala.

Tsopano ndakalamba, ndipo chimene ndikuona n'chakuti amalume ananama masiku awiri okha. Masiku ena onsewo bodza lija ankalidyetsa ndi anthu ena, aliyense ndi kukhala chete kwake: amayi anga, a Fabiano, akapitawo amene ankandipatsa madzi akumwa ndikafika thukuta lili kamukamu, ndipo pambuyo pake ine ndemwe. Mawondo a amalume ndimawamvetsa, poti anga afika pomwepo. Koma akanandipempha ngati munthu, mwina ndikanakankha masiku ena n'kupita kusukulu masiku ena, ndipo nkhani ino sindikanachita kumulembetsa mdzukulu wanga monga ndikuchitiramu. Misewu ndinaidziwadi. Zikomo sindinanene, ndipo sindinena.

Usiku wa tsiku la alendolo ndinawafotokozera amayi a Linesi, akazi anga, amene nawonso anakulira pa laini yomwe ija, khomo lachinayi kuchokera kwathu. Ndinadandaula kuti pa anthu onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe wondikomera mtima. Iwo anali akukonza chingwe cha koloboyi, ndipo anayankha osatembenuka.

"Inenso ndinkadziwa, bambo a Linesi. Atsikana tonse tinkadziwa."

"Zaka zonsezi osandiuza?"

"Nanga ndikanakuuzani nthawi imene ija, bwenzi mukudutsa pakhomo pathu m'mawa uliwonse? Gonani, mawa kuli kupalira."