Chikuku cha Akondakitala

Mayi a mapasa amachapira anthu zovala. Ntchito yawo ndi imeneyo kuyambira kale: beseni, sopo, chingwe, ayironi. Zala zinatumbuluka ndi madzi, zikhadabo zinatha. Mapasawo anakula n'kupita kutali, foni amaimba akakumbukira.

Amuna awo anali kondakitala wa minibasi, chimunthu chachikulu, chamawu. Mpaka lero anthu amangoti Akondakitala. Sitiroko inawagwetsa pasiteji n'kuwaphera mbali yakumanja, ndi pakamwa pomwe. Anatsala ndi dzanja lamanzere basi. Akafuna madzi amamenya khoma, akafuna kuchimbudzi amamenya khoma, ngati momwe ankamenyera chitseko cha minibasi kuti dalaivala aime.

Ndiye tsiku ndi tsiku mayiwo ankawadzutsa pamatiresi, kuwakoleka kumsana ngati thumba la simenti, kubafa, kubwera, kuchimbudzi, kubwera. Msana unatha. Akawerama pabeseni, kuti awongoke ankayamba agwira khoma.

Tsiku lina kunabwera Mayi Wapampando wa komiti ya m'deralo, nsapato zoyera mbee. Ati kuli zothamanga ndi zoyenda, mabanja onse, kuti papezeke thandizo logulira zikuku za anthu olumala.

"Amayi, abambowa tikufuna akakhale kutsogolo. Anthu akawaona amakhudzidwa. Chikuku chimodzi tapeza kale, mukawakankhe."

"Chikhala chathu?"

"Abambo ali m'gulu la olandira. Koma kupereka kuli ndi mwambo wake, tikudikira mlendo wolemekezeka. Mukamaliza kuyenda mukachisiye patebulo pomalizira paja."

"Mwambowo ndi liti?"

"Tidzakuuzani."

Mayi a mapasa amamudziwa tidzakuuzani. Akhala naye zaka. Anangoti chabwino.

Loweruka m'mawa pabwalo la sukulu panadzaza. Masikipa atsopano, ana ndi mabaluni, nyimbo zoboola makutu. Azibambo amimba akudumphadumpha, ati kutenthetsa magazi, anthu oti kukagula buledi pagolosale amakwera galimoto. Ena mwa iwo mayiwo ankawadziwa mpaka makabudula amkati, poti amawachapira. Akondakitala anawaveka sikipa yothera pamchombo. Aliyense kufuna chithunzi nawo, kuwagwira phewa, kumwetulira. Wofunsa kuti afika bwanji pamenepo panalibe. Anafika pamsana mpaka pamsewu, kenako pangolo ya wogulitsa makala.

Atangoti tiyeni, onse aja anawadutsa. Kutsogolo kuja kunathera pomwepo. Anatsala kumbuyo ndi mayi wina wapakati ndi galu wopanda mwini.

Koma chikukucho! Kungokankha pang'ono, chimunthu chonse chija chikuyenda. Mayi a mapasa anachita kuyang'ana manja awo. Msana unali phee. Akondakitala nawo khosi silinakhazikike, poti chigwereni anali asanauone msewu. Minibasi ina inachepetsa liwiro, kondakitala wake n'kutulutsa mutu.

"Akuluakulu! Mwagula yanu tsopano? Dalaivala mwamupeza wabwinotu!"

Akondakitala anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, malovu n'kutsika. Mkazi wawo anawapukuta ndi sikipa ya komiti ija.

Dzuwa linakwera. Patebulo la madzi anapeza makapu okhaokha ali mbwee pansi. Anapitirira. Njira ya oyendawo inkadutsa pakanyumba kometera tsitsi, pomwe pamayambira kanjira kolowera kwawo. Atafika pamenepo, Akondakitala anakweza dzanja n'kumenya m'mbali mwa chikuku. Pha! Pha!

Mayiwo anaima. Kumenya kumeneko ankakudziwa. Anayang'ana kutsogolo: chitunda, kenako tebulo lija, kenako kuchisiya chikuku. Nanga pobwerera? Za pobwerera palibe ananenapo. Msanawo unayamba kuwawa usanamunyamule n'komwe munthu.

"Bambo a mapasa, mukuti titsike?"

Pha!

Anakhotetsa chikuku. Bambo wina wa mbendera yofiira, woongolera oyenda, anakuwa.

"Amayi, mwasochera! Njira ndi iyi!"

"Sitinasochere, achimwene. Siteji yathu ndi ino."

Masana Mayi Wapampando anatulukira pakhomo pawo, mendulo ili m'khosi, nsapato zija zitafiira ndi fumbi. Anapeza Akondakitala ali m'tulo m'chikuku, pamthunzi wa nsalu zofunda zoyanikidwa, kukamwa kuli yasa. Mayi a mapasa anali pabeseni.

"Amayi, mwatichititsa manyazi. Takusakani paliponse. Chikukuchi ndi cha komiti."

"N'zoona, mayi. Tengani."

"Ndiye achotsenimo."

"Ine ayi. Ndawanyamula mokwanira. Anyamuleni inuyo, mukawagoneke m'nyumbamo. Akamenya khoma ndiye kuti akufuna kuchimbudzi, chili kuseri uko. Musamawagwire mkono wakumanja, umaguluka."

Mayi Wapampando anayang'ana Akondakitala, mimba, miyendo yotupa ija. Anayang'ana kanjira kakuchimbudzi, kamiyala, kotsetsereka. Anawerama n'kuyesa kulowetsa manja m'khwapa mwawo. Munthu sanasunthe, anangoliza nkonono. Mayi Wapampando anawongoka, akugwira m'chiuno.

"Mumachita zimenezi tsiku lililonse?"

"Nanga achite ndani?"

Madzi ankadontha pachingwe.

"Chabwino," anatero Mayi Wapampando. "Koma tsiku la mwambo mudzabwere nacho, chotsuka bwino, kuti mlendo wolemekezeka adzakupatseni."

"Tidzabwera. Mudzatiuza."

Atapita Mayi Wapampando, mayi a mapasa anafinya malaya omaliza n'kugwira khoma kuti awongoke. Mawa kunkabwera mtolo waukulu, masikipa a thukuta a anthu onse othamanga aja. Anataya madzi, n'kukankhira chikuku komwe mthunzi unapita.