Nkhope ya apongozi pansalu ya mzungu

Anthu amati zithunzi za mzungu wa kumishoni zinali zokoma. Ine ndikuti zinali zachabechabe, ndipo mpaka lero ndikazikumbuka mtima umawira.

Anatilowetsa m'tchalitchi masana, mazenera atatchinga ndi mphasa, n'kuyatsa nyali m'kabokosi kake. Pansalu yoyera panatuluka sitima ya pamadzi. Imeneyo inali bwino, sindikana. Kenako mkango, wowonda ngati galu wamphere. Wojambulayo mkango weniweni sanauonepo.

Ndiye mzunguyo anasintha kagalasi ka chithunzi m'kabokosi muja. Panatuluka apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, atasenza dengu la khofi, nkhope yaikulu ngati chitseko, maso ali pa ine. Ine mkamwini, amene chikwatirire ndinkapatukira kutchire ndikakumana nawo panjira! Ndani anamuuza mzunguyo kuti apongozi a munthu amawapachika pagulu? Ndinali kutsogolo, kothawira kunalibe. Kumbuyo anthu anayamba kuseka.

Malume ake a mkazi wanga, eni mbumba, anali pambali panga. Munda umene ndinkalima unali wawo. Akanati ndachita chipongwe, ndikanachoka pamudzi tsiku lomwelo, ana n'kuwasiya.

"Akamwini," anandinong'oneza, "mwawaona?"

"Ndaona nsalu, bambo."

"Nsalu yokha?"

"Yokha. Maso anga ali pansi."

Mzungu anapitiriza kulongosola za khofi. Kenako malumewo anati, "Akhale pansi pomwepo mpaka tituluke."

Zithunzi zotsalazo sindinazione. Ndinkangoyang'ana zala za kumapazi kwanga, khosi likuwawa, anzanga akuwomba m'manja.