Nsengwa Yofota

Tinasamuka ku Zomba ndili ndi pakati. Amuna anga anali kalaliki wa boma, ndipo maofesi atayamba kusamukira ku Lilongwe iwo anatsogola. Ine ndinabwera patapita miyezi, pa lole, nditakhalira matilesi. Ku Eriya 15 kunalibe ngakhale mtengo womangapo chingwe choyanikira zovala. Fumbi la magiledala okonza misewu linkalowa mpaka mu shuga. Aliyense ankatsokomola, moti nditayamba kutentha thupi anansi anangoti ndi fumbi, ndizolowera. Chimfinecho ndinagona nacho mpaka nthiti kuwawa, kudya osadya, mwana m'mimba n'kuchepetsa kusewera. Mzinda wosatha kumangawo unanditopetsa ndisanaudziwe n'komwe.

Mwana anabadwa miyezi itakwana, koma wochepa ngati botolo. Namwino wina wa kumpoto anandionetsa nsengwa m'mbale, yofota, ya mawanga otuwa.

"Mayi, mwana amadyera ndi kupumira umu," anatero. "Chimfine chija ndi kutentha thupi zinaiwononga, chakudya chinkadutsa pang'ono. Muzimuyamwitsa pafupipafupi, azifunda."

Amayi anga atabwera kuchokera kumudzi anamuyang'ana mwanayo kamodzi kokha n'kugamula kuti ndi tsempho. Ankati bambo wake anayenda ndi mkazi wina ine ndili woyembekezera, ndipo akapanda kuulula mankhwala sagwira, mwana apita. Ndinawafotokozera za nsengwa.

"Chimfine chinayamba liti kudya mwana?" anandifunsa. "Mwamuna wakhala yekha m'tauni muno, iwe ukuti chimfine."

Amuna anga anakana, n'kukananso. Mwana sankakwera sikelo. Amayi anasiya kuyankha moni wa mkamwini wawo. Ine ndinalibe mphamvu zoweruza mlandu, mabere akuwawa, thupi lonse lili lefu.

Tsiku lina amuna anga ataweruka kuntchito, asanavule ndi tayi yomwe, anakhala pansi chapatali ndi amayi n'kulankhula motsitsa.

"Chabwino amayi, ndinalakwa. M'patseni mankhwalawo."

Amayi anamusambitsa mwanayo mankhwala awo, ine ndinapitiriza kuyamwitsa monga ananenera namwino, ndipo pang'onopang'ono anayamba kulemera. Amayi anamwalira akudzitama kuti anapulumutsa mdzukulu wawo.

Amuna anga sindinawafunsepo ngati ananama tsiku limene lija. Poyamba ndinali wotopa. Kenako ndinayamba kuopa yankho lake.