Khoma Limene Agogo Anazondotsa

Phala la chinangwa likangopserera pang'ono pansi pa poto, fungo lake n'kusakanikirana ndi la dothi lonyowa, ine ndimapezeka ndabwerera ku Kafue, pakhonde la nyumba ya kampani ya njanji, pomwe agogo anga a Mbewe anagwada pa matumba a simenti, malaya atavula, manja ali bii ndi mtsiro. Kusiteshoni kunkamveka mabogi akugundana, utsi wa mbaula za madzulo unkayenda m'munsi mwa mitengo ya mango, ndipo kuseri kwa mpanda azimayi ankaseka mobisa pakamwa ndi chitenje. Ankaseka agogo angawo.

Ndinakulira m'manja mwa agogo ndi akazi awo, ambuya aNaphiri, chifukwa mayi anga ankagwira ntchito ku Lusaka ndipo ankabwera mwezi ukatha. Agogo ndi ambuya anachoka ku Chadiza, kummawa, ali achinyamata, kutsata ntchito ya njanji. Agogo ankalemba manambala pa mabogi ndi zikwangwani za pasiteshoni, ndipo dzanja lawo linali lowongoka moti ngakhale mzere wa tomato kuseri kwa nyumba ankauyeza ndi chingwe. Anali munthu wa mawu ochepa. Mawu onse a m'nyumbamo anali ndi ambuya.

Ambuya ankagula nsomba zouma kwa asodzi a ku Chanyanya n'kumagulitsa pamsika, ndipo pakamwa pawo panali lumo. Chimene sankatha kupirira ndi kuona munthu akugwira ntchito mwachisawawa. Ukamasesa n'kusiya zinyalala pangodya, tsache linkachoka m'manja mwako usanadziwe n'komwe. "Choka apo! Manja akowa anabadwira kudya basi?" Tsiku lina analanda mpeni kwa mayi wina wosamudziwa pamsika, namuonetsa katumbulidwe ka nsomba, mwini wake ali kukamwa yasa.

Chinthu chimodzi chokha m'nyumbamo chinawakanika kukonza: makoma. Anali a utoto wotuwa wa kampani, ndipo lamulo linali loti usapakepo kanthu, usakhomepo ngakhale msomali. Ambuya ankawayang'ana ndi diso loipa. "Nyumba yosazira ili ngati chipatala," ankatero, kenako n'kuyamba kutamanda khoma la mayi awo ku Chadiza, limene azimayi ankalizira akatha kukolola: mtsiro wakuda m'munsi, timapiri tofiira pamwamba pake, ndi madontho oyera ngati a nkhanga mpaka kudenga. Nkhani imeneyi tinaimva mpaka tinailoweza, agogo akungogwedeza mutu.

Kenako zinafika zaka zija boma litasintha. Salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, inadzaza msika, fakitale ya nsalu inayamba kubweza anthu kunyumba, ndipo agogo nawo anauzidwa kuti ntchito yatha. Zinkamveka kuti nyumba zidzagulitsidwa kwa okhalamo, koma zinali zongomveka, khoma linali likadali la eni ake. Chaka chomwecho ambuya anagwa pamsika, nsomba zili mbwee. Atabwera kuchipatala, mkono ndi mwendo wakumanzere zinali zitafa. Adokotala ananena kuti lilime lili bwino ndithu, koma ambuya sanayankhulenso.

Lero ndimamvetsa. Mayi amene ankalamula msika wonse anali akusambitsidwa ndi mdzukulu, ndipo manyazi anawatseka pakamwa. Anatembenukira kukhoma lotuwa lija, n'kumangoliyang'ana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Poyamba ankalandira phala pang'ono. Kenako anayamba kuluma mano supuni ikafika. Ndinkataya dala zinyalala pakati pa chipinda kuti mwina andikalipire, koma ankangotsinzina. Nyumba yopanda kukalipa kwa ambuya inkandiopsa kuposa mdima.

Mayi atabwera n'kuona mmene ambuya aondera, anakhala pansi ndi mlongo wawo, amalume a Gifiti, amene ankagulitsa salaula ku Nangongwe. Anagwirizana kuti ambuya atengedwe kupita ku Chadiza thupi likadali lotha kuyenda, akatsirizikire kwawo. Agogo anamvetsera mpaka onse atatha.

"Munthu sapita kwawo kukafa dzanja limodzi likadali lamoyo," anatero.

"Atate, nanga tidikire afere muno, tidzanyamule bokosi?" anafunsa mayi, misozi ili m'maso.

Anamvana kuti adikire mpaka mayi adzabwerenso mwezi ukatha. Ambuya akadzakhala asanayambe kudya, ulendo wa ku Chadiza udzakhalapo, agogo afune asafune.

Amalume ndi amene anayamba kuyesa. Anali mnyamata wa mtima wabwino, wa mpingo wa chipentekoste, ndipo iwo ndi anzawo anali atapemphera kale m'chipindamo mpaka mawu kusasa. Tsiku lina anatsika minibasi ya ku Lusaka atakhwapatira mipukutu ya mapepala okongoletsera khoma, ochokera m'sitolo ina yatsopano.

"Adadi, iyi ni wolopepa ya ku Sausi," anatero akufunyulula monyadira. "Mabwana ndiye vamene baika mu manyumba yao manje. Onani mafamu aya. Ba mami bazamvela monga bali ku munzi."

Panali tinyumba ta madenga osongoka, mipanda yoyera ya matabwa, mitolo ya tirigu, ndi ng'ombe zamabala zonenepa ngati sizinamvepo za chilala. Amalume anaimika mpukutu umodzi pakhoma, pamaso pa ambuya. Ambuya anatsegula diso, nayang'ana ng'ombe zija, natsinzinanso. Agogo anapukusa mutu pang'ono.

"Ndi wokongola mudziwu, mwanawe," anatero. "Koma si wa amayi ako."

M'mawa mwake agogo anakwera njinga. Anabwera ndi matumba a simenti opanda kanthu amene anapempha pamalo pena pomwe ankamanga golosale, ndowa ya dothi lakuda la m'mbali mwa mtsinje, ndi dothi lofiira la pachulu. Matumbawo anawang'amba bwinobwino, nachotsa mapepala a m'kati oyera bwino, nawawongola ndi simbi ya makala. Anaphika phala lamadzimadzi la chinangwa, nalisakaniza ndi dothi lakuda m'mbale ina, lofiira m'mbale ina, phulusa losefa m'mbale yachitatu. Anati phala la chinangwa limamata pepala pakhoma koma limachoka ndi madzi, choncho kapitawo wa nyumba za kampani sadzapeza chonena.

Ndiye anagwada pakhonde paja n'kuyamba kuzira mapepala ndi kansanza. Kwathu kuzira ndi ntchito ya akazi, ndipo mbiri inathamanga mzere wonse wa nyumba. Bana Chanda, mnansi wathu, anasuzumira pampanda.

"Ba Mbewe, shani? Nchito yasila, manje mwankhala bamai? Tikuguleleni chitenge?"

"Mugule chofiira," anayankha agogo osadzutsa mutu. "Chakuda sichindikhala."

Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowemo. Koma mapepala atayamba kuuma padzuwa, kuseka kuja kunachepa. Mtsiro wakuda unali m'munsi, wowongoka ngati njanji. Timapiri tofiira tinali tofanana tonse. Madontho a nkhanga anakwera mpaka pamwamba. Linali khoma la ku Chadiza lenileni, monga ambuya ankalifotokozera, ndipo ndinadziwa tsiku limenelo kuti zaka zonse zija agogo sankangogwedeza mutu chabe.

Tinalowa nawo m'chipinda, ine nditanyamula poto wa phala. Agogo anakankhira bedi pambali pang'ono, napaka phala kumbuyo kwa pepala loyamba, nalinyamula, nalitembenuza, nalimata chozondoka. Chakuda chinapita kudenga, timapiri tinaloza pansi ngati mano a galu.

"Agogo, mwazondotsa!" ndinanong'ona.

"Wakufunsa ndani? Gwira poto."

Mtima wanga unagwa. Ndinali nditamva za abambo ena amene mutu unasokonekera ntchito itatha, ndipo ndinaganiza kuti zafika pa ife. Agogo anamata lachiwiri, chozondokanso, ndiponso lopendekeka. Anabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno, nayamba kudzitama mokweza, munthu amene sindinamumvepo akudzitama chibadwire.

"Eee! Taonani! Ngati kwa apongozi anga ndithu. Kaya mwina ndawaposa? Awo dzanja linkanjenjemera."

Diso la ambuya linatseguka. Silinatsinzinenso. Agogo anasiya ntchito pomwepo, nati mawa n'tsiku, ndipo potuluka anaiwala pampando wa pafupi ndi bedi mbale zitatu zija, kansanza, ndi mapepala angapo osazira. Usiku wonse ambuya anagona moyang'anizana ndi khoma lozondoka.

Kutacha agogo anapitiriza, akuimba mluzu. Anamata lachitatu, nati m'mudzi monse mwa apongozi awo munalibe mkazi wodziwa kuzira chotere. Ndinaona chifuwa cha ambuya chikukwera ndi kutsika. Zala za dzanja lamoyo lija zinafinya bulangete. Agogo ananyamula lachinayi, nalitembenuza pang'onopang'ono.

"Inu a Mbewe."

Mawuwo anali osasa ngati chitseko chadzimbiri, koma anali a ambuya. Poto anatsala pang'ono kundipulumuka.

"Mayi anga azire zonyansa zimenezo? Chakuda chimakhala pansi! Nkhuku zimadetsa kudenga kodi?"

Agogo anayang'ana khoma, napendeketsa mutu ngati munthu woganiza mozama. "Ine ndikuona ngati zili bwinobwino."

"Zili bwino chiyani? Matulani! Ndipo madontho amenewo ndi a nkhanga kapena mazira a bakha? Ndidzutseni ine. Iwe, wangoti tong'o, bweretsa kansanzako!"

Tinawakhazika tsonga, mitsamiro kumbuyo. Ndinayala pepala pa thabwa lokandira ufa, nawapatsa kansanza. Dzanja linanjenjemera, mtsiro unadontha pabulangete, mzere unatuluka wokhota ngati njira ya njoka. Ambuya anauyang'ana, ndipo ndinaopa kuti atembenukiranso kukhoma.

"Dzanja lanjala silizira, aNaphiri," anatero agogo, akutola kansanza kaja. "Pumulani. Ndimaliza ndekha."

"Mumalize nokha? M'nyumba mwanga?" Anandiyang'ana ine. "Phala langa lakudya lija lilipo?"

Anadya mbale yonse ndi mkwiyo, diso lili pa agogo kuti asakhudze pepala lina. Agogo anatuluka, ati akukawona tomato. Nditapita kukataya madzi ndinawapeza ataima kuseri kwa nyumba, nkhope ataibisa m'malaya, mapewa akugwedezeka. Ndinabwerera mwakachetechete.

Mayi atafika mwezi utatha, anamva mawu a ambuya iwo akadali pamsewu. Anapeza ambuya atakhala pampando pakati pa chipinda, ndodo m'manja, akuloza: amalume a Gifiti pamwamba pa tebulo akumata, bana Chanda akusefa phulusa, agogo akukalipiridwa chifukwa cha phala lolimba. Mayi anaika chikwama pansi, nalira, ndipo ambuya anawauza kuti ngati abwera kudzalira akalirire panja, asanyowetse mapepala. Za ku Chadiza sanazitchulenso munthu. Mipukutu ya amalume ija sinatayike, inakakongoletsa chipinda chawo ku Nangongwe atakwatira.

Ambuya anakhala zaka zina zambiri. Mwendo sunachire, koma ankagulitsa nsomba pakhonde ndi kulamula mzere wonse wa nyumba ali pampando. Nyumba itagulitsidwa kwa ife, tinali ndi ufulu wopaka utoto uliwonse, koma iwo anakana, ndipo chaka chilichonse anthu akatha kukolola tinkamatula mapepala akale n'kuzira atsopano. Mlendo aliyense wolowa ankamva nkhani yomweyo. "Bambo awa, zaka zonse kulemba manambala pa sitima, koma kumwamba ndi pansi sakudziwa. Chipanda ine, nyumba ino bwenzi itaima ndi mutu." Anthu ankaseka, agogo nawo ankaseka, nawerama ngati mwana wasukulu wogwidwa. Munthu wa chingwe ndi mzere wowongoka uja anasenza mbiri ya uchitsiru mpaka ambuya analowa m'manda, osadziyeretsa ngakhale kamodzi.

Maliro atatha ndinawapeza agogo m'chipinda chija ali okha, akuyang'ana timapiri tofiira. Ndinawafunsa chifukwa chake sanawauzepo ambuya zoona.

"Ndiwalande chiyani?" anatero. "Anadzuka okha kudzakonza nyumba yawo. Ine changa chinali kumva akundikalipira. Wokukalipira ali moyo, mdzukulu wanga."

Lero ndili ndi nyumba yangayanga, ndipo m'chipinda chochezera ndinamata mapepala a m'sitolo, a maluwa ndi madengu, amene amati ndi makongoletsedwe a kumudzi. Koma pafupi ndi chitseko pali pepala limodzi la thumba la simenti, la mtsiro wakuda, timapiri tofiira ndi madontho a nkhanga, ndipo ndinalimata chozondoka. Mlendo wochokera kummawa akalowa, sapirira. Amaloza n'kunena kuti, "Amayi, apa munalakwitsa, chakuda chimakhala pansi." Ine mtima umadzaza, chifukwa ndine mdzukulu wa a Mbewe. Ndimamusiya amalize kundikonza, kenako ndimamuikira chakudya.