Dzina m'Buku la Ndege

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate aakulu, a Yotamu, anabwera kudzakhala nafe ku Chawama, komboni ina ya mumzinda waukulu. Anali akulu awo a atate, ndipo anachokera kumudzi kwathu kufupi ndi Katete kudzaonetsa maso kuchipatala chachikulu. Ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri. Adokotala anati adikire tsiku la opaleshoni, koma tsikulo linkangosunthidwa, mwezi uno, mwezi wamawa, mpaka mvula inatha, fumbi n'kuyamba.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, zaka za mizere. Amayi ankalawirira kukaima pamzere wa saladi, mafuta ophikira aja, kapena wa sopo, n'kubwerako masana miyendo itatupa, nthawi zina chimanjamanja. Atate ankasenza matumba kumafakitale, ndipo akafika pakhomo ankangovula nsapato n'kutsamira khoma. Aliyense m'nyumba mwathu anali wotopa, choncho ntchito yocheza ndi mlendo inagwera ine.

A Yotamu anabwera ndi kasutikesi ka malata. Munali jekete, lumo, ndi buku lalikulu la chikuto cholimba, lokulungidwa m'chitenje chakale. Linali buku la ndege. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, iwo ali mnyamata, analembedwa usilikali n'kutumizidwa ku Kenya ndi kumpoto kwake. Mfuti sanaigwire kwenikweni. Anaikidwa pabwalo la ndege, kumene ntchito yawo inali kukankha, kuthira mafuta ndi zigubu, kutsekera matayala ndi zipika, ndi kutsuka. Ndege imene ankaisamala inali ya mainjini awiri, ndipo iwo ndi anzawo anaitcha Nabanda.

"Inali ngati mkazi wa kumudzi," anandiuza tsiku loyamba. "Lero yanyamula mabomba, mawa makalata. Mkuja ikazonde sitima za adani panyanja, ikachoka uko ikaphunzitse anyamata kuuluka, kenako ikatenge ovulala. Sinkakana ntchito. Inkangokhosomola n'kunyamuka."

Nkhondo itatha, ndegeyo anaiphwasula, mapepala ake n'kuwaponya mumgolo kuti awatenthe. A Yotamu anatsomphola bukuli moto usanayake. Anali ndi chifukwa chake. Makanika wina wachizungu amene ankawayang'anira anawauzapo tsiku lina, akumenya chikuto ndi chala, kuti, "Yotamu, iwenso ndakulemba umu." Mawu amenewo anawasunga zaka zoposa makumi atatu. Iwo sankadziwa kuwerenga, ndipo aphunzitsi a kumudzi amene anawaonetsa bukulo ankangotsegula masamba awiri atatu, n'kulibweza mwaulemu.

Tsono ndikaweruka kusukulu, ndisanavule n'komwe yunifomu, ndinkamva mawu awo kuseri kwa nyumba, patsinde pa mabulosi pamene ankakhala. "Esinati, bweretsa buku."

Sindinaonepo chinthu chotopetsa ngati buku limenelo. Linkanunkha utsi ndi mphemvu. Tsamba lililonse linali ndi mizere yofanana: tsiku, kumene ndege yapita, maola amene yauluka, chimene chakonzedwa, ndi siginecha. Zilembo zake zinali ngati mapazi a nkhuku pamatope. Ndinkawerenga mzere m'Chingelezi, kenako n'kuwamasulira. Injini ya kumanja ikutaya oilo. Waya wasinthidwa. Galasi la kutsogolo lang'aluka. Mabomba achotsedwa, aikamo machira. Machira achotsedwa, aikamo kamera. Iwo ankamvetsera atatsinzina, akugwedeza mutu ngati akumva mbiri ya wachibale. Kumpopi kuja anzanga ankasewera waida, masewera athu odumphadumpha, ndipo kuseka kwawo kunkandifika bwinobwino.

Patapita masabata atatu tinali tisanafike pakati pa buku. Tsiku limenelo kunatentha, mutu unkandiwawa, ndipo mnzanga Bwalya anali atabwera kawiri kudzandisuzumira pampanda. Ndinayang'ana masamba otsala, ndinayang'ana munthu wosaona amene anakhala patsogolo panga, ndipo ndinaika chala pamzere wina uliwonse.

"Ba tate, nalipeza dzina lanu. Ni apa."

Anatsegula maso awo oyera aja. "Werenga."

"Yotamu, msilikali wolimbika. Watsuka ndege bwino."

Sanafuule, sanalire. Anafufuza dzanja langa, n'kutsatira chala changa mpaka papepala, ndipo anakanikiza chala chawo chachikulu pamenepo kwa nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye sananame mzungu uja." Anandituma kathyole kaudzu, ndipo anakaika pakati pa masambawo. Ine ndinathamangira kumpopi. Ndinasewera mpaka dzuwa kupendeka, ndipo kunena zoona, mtima sunandigunde mpang'ono pomwe.

Unayamba kugunda Lachisanu, pamene a Yotamu anauza atate kuti Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi afuna kupita ku Kamwala. Kumeneko, pakhonde la telala wina, pankasonkhana nkhalamba zingapo zimene zinapita kunkhondo. A Yotamu anali atapitako kamodzi, ndipo anabwerako atakhumudwa, chifukwa anzawowo anali ndi mamendulo ndi zipsera zoonetsa, pomwe iwo ankangotchedwa otsuka ndege. Tsopano anali ndi choonetsa. Wowagwira dzanja panjira ndinali ine.

Ndinali ndi masiku awiri oti ndiulule. M'basi ndinali ndi mpata winanso, titapanikizana pampando umodzi, buku lili pamiyendo pawo, jekete lawo likununkha sutikesi. Mpata umenewonso ndinausiya udutse.

Pakhondepo panali amuna asanu, atakhala pamabenchi ndi pamabokosi. Mmodzi wa iwo, ba Mulenga, anali kalaliki ku usilikali, ndipo ankavala magalasi omangidwa ndi ulusi. A Yotamu anapereka moni kwa onse, anamasula chitenje mosafulumira, n'kutsegula pamene panali kaudzu.

"Tawerengani apa, a Mulenga, anzangawa amve."

Ba Mulenga anayandikitsa buku kumaso. Anayendetsa chala kuchoka pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso. "Pati, mukwai?" anafunsa mwaulemu m'chinenero chakwawo.

"Pakati. Tawaonetsa, mwana."

Ndinaloza.

"Apa?" anatero ba Mulenga. "Apa balemba ati tayala ya kumanzere yachinjiwa, baikako ina. Chabe. Palibe Yotamu apa."

Wina anaseka, kuseka kwakufupi, n'kusiya msanga. Makina a telala anaima. Ndinkayembekeza kuti a Yotamu atembenuka n'kundiwomba mbama pomwepo, ndipo mwina ndikanapepukidwa. Koma anangotambasula manja kuti awabwezere buku.

"Maso a mwana," anatero. "Wasokoneza tsamba. Zilembo zake n'zovuta, inunso mwaona."

Analikulunga bwinobwino. Anakhalabe pamenepo kanthawi, akuyankha nkhani za anzawo ngati palibe chachitika, kenako anatsanzika. Mabasi anali odzaza, choncho tinabwerera wapansi. Njira yonseyo, kudutsa njanji, kudutsa ngalande zouma ndi milu ya zinyalala, dzanja lawo linali paphewa langa, ndipo linkalemera kwambiri. Anapuma katatu. Kunyumba sanauze atate kapena amayi.

Mawa lake nditaweruka kusukulu ndinalowa m'nyumba mwakachetechete. Koma anamva mapazi anga.

"Esinati, bweretsa buku."

Ndinalibweretsa, n'kugwada patali, n'kuyamba kulira. Anandisiya ndilire mpaka nditatopa.

"Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanakukwapula," anatero. "Koma ndatopa, mwana wanga. Ndatopa ndi kudikira adokotala, ndatopa ndi mdima uwu. Iwe ndiwe maso anga. Maso akayamba kundinamiza, ndiponda pati? Werenga chimene chalembedwa. Ngati n'chopanda pake, chikhale chopanda pake, koma undiwerengere chomwecho."

Anachotsa kaudzu kaja n'kukataya. Tinayambira pamzere wa tayala.

Zinatitengera mwezi wina ndi theka. Sindinganame kuti ndinayamba kulikonda bukulo, ayi, linali lotopetsabe. Koma popeza tsopano sindinkalumpha kanthu, ndinayamba kuona zimene poyamba sindinkaziona. Masiginecha ena ankabwera tsiku ndi tsiku, kenako n'kusowa osabweranso. Mawu akuti injini ya kumanja ankachulukirachulukira. Maulendo ankafupika. Ndegeyo inkakalamba ine ndikuona, tsamba ndi tsamba, ndipo ntchito zimene ankaipatsa zinkacheperachepera ulemu, mpaka inayamba kumangonyamula mbatata ndi mabulangete.

Chakumapeto, masana ena a mphepo, ndinafika pamzere wautali kuposa inzake. Ndinauwerenga kawiri chamumtima kuti ndisalakwitse.

"Yabwera ndi ovulala. Mmodzi wafera m'njira. Pansi patsukidwa, patenga tsiku lonse. Antchito akuda awiri."

A Yotamu anadzuka pang'ono pampando. "Bwereza."

Ndinabwereza.

"Ndife amenewo," anatero. "Ine ndi Sandikonda, mnyamata wa ku Petauke. Magazi anali atalowa m'mipata ya malata, atauma ndi dzuwa. Madzi analipo ochepa. Tinkapala ndi mchenga ndi timitengo, ntchentche zili bii. Sandikonda anasanza kawiri. Pomaliza mzungu uja anatipatsa ndudu imodzi imodzi, n'kutenga cholembera." Kenako anawonjezera kuti, "Sandikonda sanabwerere kwawo. Malungo."

"Koma sibanalembe maina, ba tate."

"Sanalembe."

"Ndiye banakunamizani."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Kaya. Mwina kwa iye kulemba munthu kunali komweko." Anandipempha ndiwerengenso kachitatu, ndipo ndinawerenga. Ulendo uno sanaitanitse kaudzu.

Patsamba lomaliza panali mzere umodzi wokha, wonena kuti ndegeyo yatha ntchito, iphwasulidwe. Nditawauza kuti buku latha ndipo dzina lawo mulibe, anangoti, "Chabwino. Tsopano ndadziwa." Anatsamira mtengo n'kugona tulo, masana omwewo, pakamwa pali yasa. Ndinakhala pambali pawo ndikuwaingitsira ntchentche, ngakhale panalibe amene anandituma.

Opaleshoni inachitika mvula itayambanso. Diso limodzi linatseguka, linalo linakana. Anabwerera kumudzi ndi kasutikesi kawo, ndipo anamwalira ine ndili ku sekondale. Bukulo sindidziwa kumene linathera. Ena amati ana analing'amba, ena amati chiswe.

Ine ndinakula n'kukhala kalaliki wa makadi pakiliniki ina ya m'komboni, ndipo ndinagwira ntchito imeneyo mpaka tsitsi kuyera. Anthu ambiri osadziwa kuwerenga anandibweretsera mapepala awo: zotsatira za magazi, makalata a kuchipatala chachikulu, makadi a ana awo. Nthawi zambiri ankabwera mzere uli wautali, ine msana ukuwawa, njala ikuluma. Nthawi ngati imeneyo pali mawu amene amabwera okha pakamwa, akuti zonse zili bwino, amayi, pitani. Ndi mawu achangu, munthu amachoka akumwetulira, ndipo umatha kudzinamiza kuti wamuchitira chifundo.

Ndikudziwa tsopano kuti chimene ndinachita tsiku lija sichinali chifundo. Ndinkafuna kukasewera, ndipo ndinapezerapo mwayi poti munthuyo sakanatha kunditsutsa. Ndikudziwanso kuti a Yotamu anapirira mawu oona, ngakhale anali owawa, n'kugona nawo tulo. Chimene chinawathyola msana panjira ya ku Kamwala chinali bodza langa lokoma lija. Choncho ndinkakoka mpando, kumukhazika munthuyo pansi, n'kumuwerengera pepala lake lonse, mzere ndi mzere, monga momwe lalembedwera. Ena ankalira, ena ankandikwiyira. Koma palibe amene anachoka pawindo langa atanyamula chinthu choti akachite nacho manyazi pamaso pa anzake.