Khasu M'dzenje la Abakha

Chaka chimenecho mwana wanga woyamba anali atangosiya bere, ndipo mapazi ake anayamba kutupa. Tsitsi linafiira. Anamwino ku Tengani anamudina phazi ndi chala, chala chinasiya kadzenje. Anati ndizimupatsa mazira kapena matemba. Matemba anali kumsika, koma pachipata pankakhala anyamata ofunsa khadi la chipani, ine la chaka chimenecho ndinalibe. Bambo ake anali kodula nzimbe. Chimene ndinali nacho pakhomo ndi abakha awiri aakazi, ndipo onse anali atasiya kuikira.

Abakhawo ankanenepa ndi timasamba toyandama pathamanda, ting'onoting'ono ngati njere za mapira, tokhala ndi kamuzu kamodzi kunsi. Ife tinkangoti ndere ya abakha. Dzuwa litakula thamanda linayamba kuphwa, ndiye ndinatunga yotsalayo ndi lichero. Ina ndinaika m'chidiramu chodula pakati, ina m'dzenje limene ndinakumba kuseri kwa nyumba n'kulimata ndi dothi. Madzi ndinkasenza kumjigo.

Apongozi anga, mayi wa amuna anga, ankangondiyang'ana.

"Amake mwana, ninji chimenecho? Anzanu akutibula mapira, inu mukulima pamadzi?"

"Ndi chakudya cha abakha, mayi."

"Bakha wosaikira ndi ndiwo. Mwana wanga akabwera mwezi ukatha, ndipha onse."

Ndinapitiriza kuthira madzi m'dzenje. Pakhomo panali pawo.

Ndere ija sinachuluke. Inayezuka, masamba n'kuchepa, mizu yokha n'kumatalika ngati ikufuna kanthu pansi. Ndinakumbuka kuti kuthamanda inkathithikana mbali imene ng'ombe zinkamwera, pamene zinkasiya ndowe ndi mkodzo. Ndinakatola ndowe kukhola la aneba. Poyamba ndinachulutsa, madzi ananunkha, theka la ya m'dzenje linapsa n'kuyera mbuu. Tsiku limenelo ndinalira mobisa, mwana ali kumsana. Ndinakapa madziwo n'kuthira ena, ndowe dzanja limodzi lokha.

Apo inayamba kuswana. Koma panali chodabwitsa. Ya m'chidiramu inali yobiriwira biriwiri, pamene ya m'dzenje, timasamba tatsopano tinkatuluka tachikasu ndi tofooka. Madzi amodzi, ndowe imodzi, dzuwa limodzi. Ndipo dzenje ndilo linali lalikulu. Ya m'chidiramu abakha ankaimaliza ndisanatembenuke.

Tsiku lina ndikutsuka m'mbali mwa chidiramu, dzanja linatuluka lofiira ndi dzimbiri. Ndinaima. Kusiyana kunali kumeneko basi.

Chitsulo chadzimbiri chimene ndinkachidziwa pakhomo ponse chinali khasu lakale lopanda mpini, pansi pa nkhokwe. Linali la malemu apongozi aamuna. Palibe ankalikhudza. Ndinayang'ana mapazi a mwana, ndinalitenga, ndinalipala ndi mwala dzimbiri n'kugwera m'madzi a m'dzenje, kenako ndinalimiza m'matope momwemo.

Sabata isanathe apongozi anaona kuti khasu palibe. Anandipeza ndili padzenje.

"Khasu la amuna anga lili kuti?"

Mkazi wobwera kumiza chitsulo cha womwalira m'madzi kuseri kwa nyumba, anthu akanamva sakanati ndi ulimi. Ndikanabwezedwa kwathu, mwana n'kutsala kwa eni ake.

"Lili umu, mayi."

"Mwaikamo chiyani china?"

"Ndowe basi. Taonani." Ndinatunga ndi manja awiri. Timasamba takale tinali tachikasu, koma tatsopano m'mbali mwake tinali titada, tobiriwira ngati ta m'chidiramu.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mdzukulu wawo amene anali atakhala pamphasa osasewera.

"Mwezi ukatha," anatero, n'kuchoka. Khasu sanalivuule, komanso sanandilankhule masiku otsatirawo. Mpeni ndinkaumva akuunola pamwala.

Dzenje linadzaza mpaka madzi osaoneka. Ndinkawola m'mawa ndi masana, n'kusakaniza ndi gaga wa mapira. Abakha ankadya mpaka kumeza movutika, koma chisa chinali chopanda kanthu, ndipo mwezi unali kutha.

Amuna anga anafika Loweruka. M'mawa mwake apongozi analowa m'khola la abakha mpeni uli m'manja. Ine ndinakhala pakhonde nditagwira phazi la mwana. Anachedwa kutuluka. Atatuluka, dzanja lina linali ndi mpeni, lina dzira lodetsedwa ndi matope.

Dziralo anandipatsa osandiyang'ana.

"Mufulumire kuphika. Ndipo m'thumba la kuseri kwa chitseko muli nkhwangwa yothyoka. Mukaikenso m'dzenje muja."