Tsiku limene ndinachapa lamba wa achimwene

Ndinadzidzimuka tambala asanalire, msana utauma ndi mkeka wa m'nyumba ya siwa. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo za usiku wonse, ena akuwodzera chotsamirana, zitenje mpaka kumutu. Panja chiperoni chinali chitatsika kuphiri, kamvula kaja kosamveka padenga koma kolowa m'mafupa. Amuna anazungulira chitsa cha bulugamu chomwe chinkangofuka utsi. M'bokosi pakati pa nyumbayo munali achimwene anga.

Achimwene ankasewera judo, masewera ogwirana malaya n'kugwetsana pansi. Anayamba ali alonda ku Limbe, ndipo kathupi kawo kochepa kaja kanagwetsa zimphona mpaka anakhala katswiri, n'kumakapikisana kunja. Bondo litawonongeka anabwerera kuno kwa Likoswe n'kuyamba kuphunzitsa achinyamata mu shedi yakale ya fodya, pa matumba a mankhusu osokedwa pamodzi. Sitiroko itawagwira, lilime litalemera, anandipempha chinthu chimodzi chokha: lamba wawo wakuda apite naye kumanda. Ndinalonjeza.

Lambayo chimulandirireni sanakhudzepo madzi. Unali mwambo umene anautengera kwa aphunzitsi awo: malaya chapa, koma lamba ayi, chifukwa thukuta la zaka zonse limakhala momwemo. Anali atatuwa, m'mbali mutanyenyeka, fungo lake losanena. Ndinkawaseka kuti ngakhale mbewa zimamulambalala.

Kunja kutayera, azimayi anasonkha moto kuseri, nkhuni zonyowa zikuwaliza ndi utsi. Anthu anayamba kufika, ena pa kabaza, ena wapansi atafunda mapepala a pulasitiki. Ine ndinatulutsa lamba uja m'sutikesi kuti ndikamuike m'bokosi. Pakhomo ndinakumana ndi mkulu wa mpingo.

Kuno anthu akhala akunong'ona kuyambira kale kuti munthu wochepa choncho sangagwetse anzake popanda kukhwima. Mkuluyo analoza lamba ndi chibwano.

"Mayi, nsalu yosachapidwa zaka zonsezi ili ndi nkhani yake. Ngati ndi nsalu wamba, ichapeni tione. Apo ayi, ife tinyamula mabuku athu, muike maliro nokha."

Mtima unandiwira. Munthu amene anachotsa ana a anthu omwewa ku chamba ndi kachasu, lero akhale wa zithumwa? Ndinafuna kumuyankha zoti sakanaziiwala. Koma alamu anga, akazi a malemu, amene aimba kwaya ya mpingowo kuyambira utsikana, anandigwira chitenje.

"Alamu, amuna anga asapite opanda nyimbo ngati galu. Ndakugwirani mwendo."

Amalume athu onse anatha, wamkulu wotsala ndine. Ophunzira a achimwene, amene akanatha kufotokoza bwino, anali atatitimira m'matope ndi lole yomwe inakatenga anzawo ku Blantyre. Anthu ankangondiyang'ana.

Ndinatenga beseni ndi sopo n'kupita pakhonde la kuseri, mkulu uja ali pambuyo ndi anzake awiri. Nditangoviika lambayo, madzi anada bii. Ndinafikisa, ulusi ukusosoka n'kumatsalira m'zala. Ndinamupinda uku ndi uku kuti aone kuti mulibe kanthu kosokereredwa. Munalibe kanthu. Ndinalira pamenepo, ndipo misozi yake inali ya ukali.

"Mwaona?" ndinatero.

"Basi, tiyambe mwambo," anayankha, n'kutembenuka.

Ndinamuyanika pachingwe, koma ndi chiperoni chimenecho akanauma bwanji?

Lole inafika cha m'ma teni koloko. Ophunzira aja anatsika atavala malaya awo oyera a masewera, miyendo ili matope okhaokha. Patsogolo panali mayi wina wamapewa otambalala, wophunzira woyamba wa achimwene, amene pano ndiye akuyendetsa shedi ija. Asanalowe n'komwe m'nyumba ya siwa anaona lamba akudontha pachingwe. Anaima chilili.

"Wachapa ndani?"

"Ndine."

Mayiyo anamuchotsa lambayo pachingwe, kumufinya pang'onopang'ono, kumupinda mmene iwo amapindira, n'kukamuika pachifuwa pa achimwene ali wonyowa choncho. Kunali bwino akanangondimenya khofi.

Mpingo unaimba, inde. Unaimba bwino zedi, alamu akutsatira ndi milomo yokha. Wowerenga mbiri anatchula chaka chobadwa, ana, ubatizo ndi matenda. Za judo anangoti malemu ankakonda masewera.

Njira ya kumanda ndi yotsetsereka, dothi lake lofiira loterera. Adzukulu atatsetsereka kawiri ndi bokosi, anapatsa mpata a malaya oyera aja. Iwo anavula nsapato, ananyamula aphunzitsi awo, ndipo mpaka kumanda palibe anapunthwa. Anthu a m'mbali mwa njira anasiya kulankhula. Bokosi litatsitsidwa anandanda pamzere, anagwada m'matope, n'kugunditsa mphumi pansi onse pamodzi. Anakhalitsa choncho. Ndinamva bambo wina kumbuyo kwanga akunong'oneza mnzake kuti, "Waona? Si zija ndimanena?" Sindinacheuke, chifukwa ndikanacheuka pakanagwa maliro ena.

Pobwerera anthu anasamba m'manja, anadya, n'kuyamba kubalalika mvula isanakule. Mayi uja anapita kukatsanzika alamu. Ine anangondiweramira patali n'kukwera lole.

Madzulo nyumba inali zii. Mipando yobwereka inali itabwezedwa, pabwalo patatsala phulusa lonyowa ndi mapazi a anthu. Tinatsala awiri, ine ndi alamu, aliyense kumbali kwake, osayatsa wailesi. Ndinatuluka kukasonkhanitsa ziwiya ndipo ndinapeza beseni lija lili pomwe ndinalisiya. Tsiku lonse azimayi ankasowa potsukira mbale, koma palibe analikhudza. Madzi anali momwemo, akuda, tiulusi tikuyandama pamwamba.

Ndinalinyamula kuti ndikakhuthule kudzala. Ndili pakati pa bwalo ndinamva alamu kumbuyo kwanga.

"Mukawatayira kuti, alamu?"

Ndinaima, madzi akugavira pachitenje. Anabwera n'kugwira mbali inayo. Tinalowa nalo m'nyumba pang'onopang'ono kuti madzi asatayike, tinaliika kuchipinda kumene achimwene ankagona, n'kulivundikira ndi lichero.